Mapazi a Alendo m'Midzi ya ku India

M'dziko la India muli mwambo umene achinyamata a masiku ano amauyesa watsopano, pomwe ndi wakale kuposa agogo awo: wakuti munthu wophunzira, wobadwira m'nyumba ya njerwa ndi kukula wosadziwa njala, anyamuke kwawo mwa kufuna kwake, popanda malipiro, nayende m'midzi ya mitundu ya m'nkhalango ndi m'mapiri, m'makomboni a osauka a m'mizinda ndi m'masukulu a kumidzi, kuti akaone ndi maso ake umo akhalira abale ake ndi kuwathandiza monga angathere. Lero ulendo wotere umayendedwa pa galimoto kapena pa njinga yamoto, umatha m'masabata owerengeka, ndipo zithunzi zake zimafalikira pa Facebook eni ulendo asanafike n'kwawo komwe. Koma amene adalambula njirayi adayenda pa sitima m'zipinda za anthu wamba, pa ngolo za ng'ombe ndi pa mapazi, ndipo mbiri yawo, munthu akaiwerenga modekha, ionetsa kuti funso limene lidawasautsa iwo likadali chiimire, ndilo lakuti mlendo wopitirira angasiye chiyani m'mudzi chimene chidzakhalabe iye atapita.

Gwero la mwambowu tingalipeze mu mzinda wa Poona, umene tsopano ulembedwa Pune, kumene pa 12 June 1905 a Gopal Krishna Gokhale, mphunzitsi amene adasanduka mtsogoleri wa ndale, adakhazikitsa bungwe lotchedwa Servants of India Society. Munthu wolowa m'bungweli ankalumbira kuti adzaika dziko lake patsogolo m'maganizo ake onse, kuti sadzadzifunira phindu pa ntchito yake, ndi kuti adzakhutira ndi kangachepe kamene bungwe lidzampatsa iye ndi banja lake. Ndipo asanamasulidwe kuti aime payekha, ankayamba wakhala zaka zisanu akuphunzira pansi pa akulu. Ndi a Gokhale omwewo amene, pamene a Mohandas Gandhi adabwerera kwawo mu January 1915 atatha zaka zoposa 20 ku South Africa, adapangana nawo kuti chaka chathunthu angoyendayenda m'dzikomo, akupenya ndi kumvetsera, osanenapo kanthu pa nkhani za dziko kufikira chakacho chitatha. A Gokhale adamwalira mwezi wotsatira, koma a Gandhi adasunga panganolo, nayenda m'zipinda zotsika za sitima, atathithikana ndi alimi ndi mitolo yawo. Ine ndiyesa kuti pa malangizo onse amene adaperekedwapo kwa alendo othandiza, amenewa ndiwo anzeru koposa, pakuti munthu wongofika kumene amafulumira kupereka mankhwala asanamve pamene pakuwawa, ndipo akulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.

Mwa amene adalumbira lumbiro la a Gokhale, dzina limene lidamveka kutali koposa m'midzi ya m'tchire ndi la a Amritlal Thakkar, amene pambuyo pake dziko lonse linkawatcha Thakkar Bapa. Iwo adabadwira ku Bhavnagar m'chaka cha 1869, m'chigawo cha Gujarat, kumene kudachokeranso ambiri mwa Amwenye amene adatsegula masitolo ku Limbe ndi ku Blantyre. Adaphunzira uinjiniya ku Poona, nagwirapo ntchito pa njanji imene Angerezi ankayala kuchokera ku Mombasa kulowera ku Uganda, ndipo atabwerera kwawo adalembedwa ntchito ndi khonsolo ya mzinda wa Bombay. Kumeneko ntchito yawo idawafikitsa kwa anthu osesa misewu ndi otuta zinyalala za mzinda wonse, anthu a mafuko onyozedwa amene ankagona m'tizisakasa pafupi ndi zonyansa zimene adatuta usana, atamangidwa ndi ngongole za katapira zimene malipiro awo sakadatha kubweza. Zimene adaona zidawadula mtima kotero kuti mu 1914, ali ndi zaka zoposa 40 ndi ntchito yolemekezeka m'manja, adaitula pansi nalowa m'bungwe lija. Sadali okha m'makomboni a Bombay, pakuti mu 1911 a Narayan Malhar Joshi, nawonso a bungwe lomwelo, adali atayambitsa Social Service League, imene inkatsegula masukulu a usiku a anthu ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Koma a Thakkar adayambira pa ngongole, nathandiza osesawo kupanga timabungwe tobwereketsana ndalama, chifukwa adaona kuti munthu amene malipiro ake alandidwa pakhomo pa ofesi tsiku lomwe walandira sangamve za sukulu.

Koma nkhani imene iyenera kusinkhidwa mofatsa ndi ya ku Champaran, boma la kumpoto kwa Bihar, m'tsinde mwa mapiri a Nepal. A Gandhi adafika kumeneko mu April 1917, ataumirizidwa ndi mlimi wina dzina lake Rajkumar Shukla, kudzamva madandaulo a alimi amene eni minda a Chizungu ankawakakamiza kulima mbewu ya indigo, yopangira utoto wa nsalu, pa magawo atatu mwa magawo 20 aliwonse a munda, goli lofanana ndi thangata limene makolo athu adasenza m'minda ya Azungu ku Thyolo ndi ku Chiradzulu. Mlandu umenewo udapambana, ndipo lamulo la 1918 lidathetsa chikakamizocho. Komatu a Gandhi, poyenda m'midzimo kulemba maumboni, adaona ana akungoyendayenda kapena kugwira ntchito tsiku lonse m'minda chifukwa cha timakobiri, zitsime zitazingidwa ndi matope, ndi akulu atagwidwa ndi mphere. Natumiza mawu ku Bombay, ku Poona ndi ku Gujarat kuti kubwere anthu odzipereka. Adabwera amuna ndi akazi, pakati pawo mayi Avantikabai Gokhale, mayi Kasturba amene adali akazi awo a Gandhi, mwana wawo Devdas, ndi sing'anga, a Dr. Dev, amene Servants of India Society idawabwereketsa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Kumapeto kwa chakacho ndi kuchiyambi kwa chotsatira masukulu adatsegulidwa ku Barharwa, ku Bhitiharwa ndi ku Madhuban, pa pangano lakuti mudzi upereke pogona ndi chakudya cha aphunzitsi. Mankhwala amene aphunzitsiwo adapatsidwa adali atatu okha: mafuta a nsatsi kwa wodzimbidwa, kwinini kwa wa malungo, ndi mafuta a salifa opaka pa zilonda ndi mphere. Eni mudzi atakana kugwira tsache, alendowo adasesa okha misewu ndi kuyeretsa zitsime, kufikira ena adachita manyazi nayamba kuthandiza.

Pafupi ndi Bhitiharwa padachitika kanthu kamene kasonyeza malire a nzeru za mlendo. A Gandhi, poona akazi ena atavala nsalu zakuda bii ndi litsiro, adapempha mayi Kasturba kuti akawafunse chifukwa chimene sachapira zovala. Mmodzi wa akaziwo adawatengera mayiwo m'kanyumba kake, nawaonetsa kuti munalibe bokosi ngakhale kabati yosungiramo chovala china. Nsalu imene adavala ndiyo yokhayo adali nayo, ndipo sakadaichapa popanda kukhala wamaliseche. Amene adadza kudzaphunzitsa ukhondo adapeza kuti chosowa chidali nsalu yachiwiri. Sukulu ya ku Bhitiharwa, yomangidwa ndi nsungwi ndi udzu, idatenthedwa usiku wina, ndipo odzipereka aja adaimanganso ndi njerwa, iwo eni akusenza ndi kuponda dothi. Zonsezi zidali zokoma, ndipo palibe angazinyoze. Koma anthuwo adabwera kwa miyezi yowerengeka, ndipo pamene a Gandhi adaitanidwa ku Ahmedabad ndi ku Kheda mu 1918, aphunzitsi nawonso adabwerera kwawo mmodzimmodzi, osapezeka ena olowa m'malo mwawo. A Gandhi eni ake adavomereza ndi chisoni, polemba mbiri ya moyo wawo, kuti ntchito ya m'midziyo siidazike mizu monga adayembekezera. Mlendo ndi mame, adatero akale. Ndipo ana amene adangolawa zilembo adabwerera ku ng'ombe ndi ku minda.

A Thakkar adatenga njira ina. Njala itagwa m'dera la Panchmahals, kum'mawa kwa Gujarat, mu 1919 ndiponso zaka ziwiri kapena zitatu pambuyo pake, iwo adapita kukagawa chakudya ndi nsalu pakati pa mtundu wa Abhil. Koma njala itatha sadachoke. Cha m'ma 1922 adakhazikitsa Bhil Seva Mandal ku Dahod, natsegula masukulu ogonera komweko, momwe ana a Abhil ankadya, kugona, kulima ndi kuphunzira pamodzi ndi aphunzitsi awo. Nzeru yake idali yakuti mabanja a Abhil amakhala motalikana, khomo lililonse pa munda wake, kotero kuti sukulu yoyendera tsiku ndi tsiku sikadasonkhanitsa ana. Ndipo mtundu uwu wa sukulu udafala m'madera ambiri, mpaka boma la India lidautenga kukhala lake dziko litalandira ufulu. Kuchokera ku Dahod ndiko a Thakkar adayamba maulendo awo aatali a ku Orissa, ku Assam ndi m'nkhalango za pakati pa dziko, amene adayendabe ngakhale atakalamba ndi maso atayamba kuchita khungu. Ndipo kumene adafika, nkhawa yawo idali yopeza munthu wotsalira ndi ndalama zomsungira.

Ulendo waukulu kuposa onse udayamba ku Wardha mu November 1933. Chaka chapitacho, mu September 1932, kudakhazikitsidwa bungwe limene lidadzatchedwa Harijan Sevak Sangh, a G. D. Birla ali pampando ndi a Thakkar ali mlembi wamkulu, loti lithandize anthu amene mwambo wa Chihindu unkawayesa odetsedwa chibadwire, osayenera kukhudzidwa, kutunga pa chitsime cha mudzi kapena kulowa m'kachisi. Kwa miyezi isanu ndi inayi a Gandhi adayenda mamailosi okwana ngati 12,500, akulowa m'makomboni a osesa ndi ofufuta zikopa, akulankhula kwa makamu ndi kupempha zopereka. Akazi ankavula makoza ndi ndolo pa msonkhano pomwepo, mphatso zinkagulitsidwa kwa wopereka zambiri, ndipo zonse pamodzi zidafika pafupifupi marupiya 800,000. Otsutsa adawachingamira ndi mbendera zakuda, ndipo ku Poona, pa 25 June 1934, munthu adaponya bomba pa galimoto imene ankaganiza kuti a Gandhi alimo, navulaza anthu angapo. Chimene ine chimandigwira mtima pa ulendowu ndi chimene chidachitika ku Orissa mu May, pamene a Gandhi adatsika galimoto ku Puri nanena kuti dera limenelo adzaliyenda pansi. Adaona kuti galimoto imawapititsa pakati pa makamu ofuula popanda kukumana ndi munthu, pomwe woyenda pansi amagona m'mudzi, namva zimene zinenedwa madzulo alendo ena atabalalika.

Tsono pano mbiri ifuna kuti timvere amene ankachezeredwawo, pakuti iwonso adali ndi pakamwa. A Bhimrao Ambedkar, obadwa mu 1891 m'fuko la Amahar, limodzi la mafuko oyesedwa odetsedwa aja, adakula akukhala pa chiguduli chawochawo pakona pa kalasi, ndipo akamva ludzu ankadikira wantchito wa pasukulu kuti awathirire madzi m'kamwa kuchokera m'mwamba, chifukwa sadaloledwe kugwira chikho. Tsiku limene wantchitoyo sadabwere, madzi panalibe. Munthu ameneyu, atabwera ndi madigiri a ku New York ndi ku London, adatsogolera anthu ake mu March 1927 kukamwa madzi pa thamanda la mzinda wa Mahad, limene lamulo lidawaloleza koma anthu ankawaletsa. Iwo adalowa m'komiti yaikulu ya bungwe latsopano lija la Harijan Sevak Sangh, ndipo mu November 1932 adalembera a Thakkar kalata yaitali, yonena kuti mphamvu za bungwe zisathere pa kulangiza munthu mmodzimmodzi za ukhondo ndi kuleka mowa, koma ziponyedwe pa kumenyera ufulu wotunga pa zitsime, wolowa m'masukulu ndi wokwera zokwera za onse, ndi kuti antchito a bungwelo atengedwe pakati pa onyozedwawo eni ake. Malangizowo sadatsatidwe, ndipo a Ambedkar adatuluka. A Gandhi ankati ntchitoyo ndi kulapa kwa mafuko apamwamba, kotero kuti olapawo ndiwo ayenera kuiyendetsa; a Ambedkar ankaona kuti kulapa kotero kusiya chiwongolero m'manja omwe aja. Ndilemekeza mtima wa a Gandhi, koma pa mfundo iyi ndiima ndi a Ambedkar, pakuti amene adamva ludzu pakona pa kalasi adadziwa bwino chimene chidasowa kuposa amene adamva za ludzulo pa msonkhano.

Mkangano wofanana udabuka pa za mitundu ya m'nkhalango. Mngerezi wina, a Verrier Elwin, amene adafika ku India mu 1927 ngati wansembe, adakakhala mu 1932 ku Karanjia pakati pa Agond pamodzi ndi bwenzi lawo a Shamrao Hivale, natsegula masukulu ndi kachipatala. Koma atakhalitsa adayamba kuopa kuti othandiza ochokera kunja, poletsa magule, mowa ndi mavalidwe a eni dziko, akuwalanda chimwemwe chawo pamodzi ndi ulemu wawo. A Thakkar adawatsutsa poyera, nati kupatula anthu ndiko kuwasunga mu umphawi. Pamene awiriwa ankakangana, a Jaipal Singh, mwana wa mtundu wa Amunda amene adaphunzira ku Oxford natsogolera timu ya hockey ya India ku masewera a Olympic a ku Amsterdam mu 1928, adatenga utsogoleri wa Adivasi Mahasabha, bungwe la mitundu ya m'nkhalango, mu 1939, nayamba kufuna kuti anthu ake akhale ndi chigawo chawochawo. M'nyumba yolemba malamulo a dziko adaumirira kuti makhonsolo a mitunduyi akhale ndi mphamvu zenizeni, osati zongolangiza, nasemphana mawu ndi a Thakkar pamaso pa onse. Chigawo chimene adachifuna, Jharkhand, chidabadwa mu November 2000, iwo atagona kale zaka 30.

A Thakkar adamwalira mu January 1951, ndipo patangopita miyezi itatu, pa 18 April, a Vinoba Bhave, wophunzira wa a Gandhi amene ankayenda pansi m'dera la Telangana m'masiku a chipolowe cha alimi, adafika m'mudzi wa Pochampally. Mabanja 40 opanda minda adapempha maekala 80, ndipo mwini malo wina, a Ramachandra Reddy, adaimirira napereka 100. Kuyambira pamenepo a Vinoba adayenda zaka ngati 13, akudzuka kusanache, akupempha mwini malo aliyense kuti awayese mwana wake wachisanu ndi chimodzi nawagawire cholowa, ndipo malonjezo adaposa maekala 4 miliyoni. Koma gulu likachoka m'mudzi m'mawa mwake, panalibe wotsalira kuti ayeze malo, alembetse ku boma ndi kuteteza wolandirayo. Malo ambiri adapezeka kuti ndi miyala, kapena a milandu, kapena eni ake adawatenganso, kotero kuti amene adafikadi m'manja mwa osauka adali gawo lochepa la zolonjezedwa. Boma nalo lidautenga mwambowu: pa 24 September 1969, m'chaka chokumbukira zaka 100 chibadwire a Gandhi, lidayambitsa National Service Scheme m'mayunivesite 37 ndi ophunzira ngati 40,000, ndipo kufikira lero ophunzira amakamanga msasa wa sabata imodzi m'mudzi kapena m'komboni. Sindikayika kuti sabata yotero imatsegula maso a mnyamata wa mumzinda, ndipo chimenecho si chinthu chaching'ono. Koma phindu lake lalikulu limakwera naye basi pobwerera.

Komabe ndisamveke ngati ndikunyoza ulendo waufupi, pakuti ulendo wina wa masiku owerengeka udabala chinthu chachikulu. Cha m'ma 1970 a Baba Amte, amene adamanga mudzi wa akhate wa Anandwan ku Warora, adatenga banja lawo kukacheza ku nkhalango za Bhamragad, kum'mawa kwa Maharashtra, kwawo kwa Amadia, nthambi ya mtundu wa Agond. Anthu a kumeneko, owonda ndi njala ndi malungo, ankati akaona alendo ovala n'kuthawira m'tchire. Mwana wawo Prakash, amene panthawiyo ankatsiriza maphunziro a udokotala, adalonjeza kuti adzabwerera. Ndipo mu December 1973 ntchito ya Lok Biradari Prakalp idayamba ku Hemalkasa, kumene iye ndi mkazi wake Mandakini, nayenso dokotala, adakakhala m'kanyumba ka udzu, kopanda magetsi, kumalo amene mitsinje ikadzaza m'dzinja njira inkaduka miyezi yambiri. Poyamba odwala sankabwera, chifukwa adali ndi asing'anga awo ndipo analibe chifukwa chokhulupirira alendo. Madokotalawo adaphunzira chilankhulo cha Amadia, a Prakash adavula zovala za mumzinda natsala ndi kabudula ndi vesiti poona kuti anansi awo alibe chofunda, ndipo anthu adayamba kubweretsa odwala amene asing'anga adawalephera, ena atanyamulidwa pa machira ulendo wa masiku. Sukulu yogonera komweko idatsegulidwa mu 1976 ndi ana owerengeka, makolo awo akukayika. Ndipo mwa ana amene adaphunzira pamenepo mudatuluka aphunzitsi, maloya ndi madokotala a mtundu wa Amadia, ena mwa iwo nabwerera kukagwira ntchito m'boma lakwawo la Gadchiroli, kumene amafunsa odwala za matenda awo m'chilankhulo cha amayi awo.